Za kukhoti zisiyeni kaye, mayi

Ndine Mmalawi, ndinakwatiwa kuno ku America. Amuna anga ankagwira ntchito m'paki ina ya boma, yolambula tinjira ta alendo ndi kudula mitengo yogwera m'njira. Kwa zaka zambiri ankalembedwa nyengo yotentha yokha, ya nthawi zonse anaipeza chaka chatha. Pa 14 Febuluwale analandira imelo yoti ntchito yatha, ati kagwiridwe kawo nkosakwanira. Zawapweteka, sakudya, tulo sakugona. Kodi tingasumire boma? Nanga tikatenga ndalama zawo za penshoni nkumalizira nyumba yathu ku Chileka pali vuto? Tikufuna tiifolere mwana asanabadwe mu Juni.

Mayi wodandaula, America

Mayi, mwalemba za khoti, za penshoni, za malata, kenako kumapeto penipeni nkungoponyapo kuti muli ndi pakati. Nkhani yonse ili pamenepo. Inshuwaransi ya kuchipatala mwaifunsa?

Ngati munali pa inshuwaransi ya kuntchito kwa amuna anu, dziwani kuti munthu wa boma la federal ntchito ikatha amapatsidwa masiku 31 aulere, basi. Werengani nokha kuchokera mu Febuluwale muone pamene mwafika. Akatha masikuwo mungathe kupitiriza pansi pa dongosolo lotchedwa TCC mpaka miyezi 18, koma ndalama zonse mumalipira nokha, gawo lanu ndi lija linkalipira boma, kuphatikizapo 2 peresenti pamwamba. Nthawi yolembetsa ndi masiku 60. Masiku 60 omwewo alinso ku msika wa inshuwaransi wa Marketplace kwa munthu amene wataya inshuwaransi ya kuntchito, ndipo poti malipiro agwa, kumeneko kungakutchipireni. Funsaninso za inshuwaransi ya boma ya Medicaid. Wa green card nthawi zambiri amadikira zaka 5, koma ma state ambiri anachotsa kudikirako kwa amayi oyembekezera. Kuno si kwathu kumene mumanyamula chitenje, beseni ndi lezala nkupita ku Gogo Chatinkha. Kuchira opanda inshuwaransi kuno, makamaka akakuchitani opaleshoni, ngongole yake imadya nyumba ya ku Chileka ija ndi mpanda womwe.

Za kusuma ndayankha mpaka pakamwa pauma. Amene anachotsedwa masiku amenewo a Febuluwale 2025 ku National Park Service ndi anthu pafupifupi 1,000, ku Forest Service ochuluka kuposa pamenepo, ndipo anasankhidwa dala chifukwa anali pa probation. Munthu wa probation khomo la apilo ku bungwe la MSPB linali lopapatiza nthawi imeneyo: ankayenera kuonetsa kuti anamuchotsa pa zifukwa za chipani kapena chifukwa chokhala pabanja kapena kusakhala pabanja. Loya wanuwanu angokudyerani ndalama. Mabungwe a anthu apantchito anapita kale kukhoti, ndipo pa 13 Malichi 2025 jaji William Alsup wa ku San Francisco analamula kuti anthu abwezeredwe ntchito m'maunduna asanu ndi umodzi, wa Interior woyang'anira mapaki womwe. Boma linachita apilo. Amuna anu akaitanidwa apite, koma inu musawerengere malipiro amene sanalowe kubanki. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Maganizo anga sindibisa. Kalata yofanana mawu ndi mawu, kutumiza kwa anthu mazanamazana, aliyense nkumuuza kuti ndi wosadziwa ntchito, ndi mwano. A boma akanangonena kuti tikuchepetsa anthu, bwenzi amuna anu akudya nsima. Koma mawu amenewo asangowapweteka mtima, angathenso kuwavutitsa popempha ndalama za ulova. Afufuze malipoti onse a abwana awo oyamikira ntchito, asunge pamodzi ndi fomu ya SF-50 ndi ya SF-8, akalembetse ku ofesi ya state imene ankagwirako ntchito. Ngati mpaka pano sanalembetse chifukwa cha manyazi, masabata amenewo ataya.

Penshoniyo musaikhudze, ndipo ndikukayika ngati muli zambiri. Olembedwa nyengo yotentha yokha nthawi zambiri sasonkha ku thumba la penshoni la TSP, ndiye zimene zilimo ndi za miyezi yochepa chabe. 1 peresenti imene boma limaikamo lokha imakhala ya munthu akakwanitsa zaka 3, mwina iwo sanafikepo. Zotsalazo mukatapa, 20 peresenti amadula pomwepo ya msonkho, ndipo amene sanafike zaka 59 ndi theka nthawi zambiri amalipiranso chindapusa cha 10 peresenti. Severance musaiyembekezere ngati sanakwanitse miyezi 12 yosadukiza. Za masiku a tchuthi amene sanapume zokha ndiye apatsidwa.

Ndinali ndi mkulu wina, Mmalawi mnzathu, ntchito inamuthera mu 2009. Kumudzi sananene. Mwezi uliwonse fizi ya ana a mlongo wake, feteleza wa amayi, simenti ya amisiri, zonse pa credit card. Pamene ankabwera kwa ine anali ndi makhadi anayi, onse odzaza, galimoto atalanda. Mlongo wakeyo atamva anakalipa zedi, osati chifukwa ndalama zasiya, koma kuti bwanji sunanene, ife tikanagulitsa ng'ombe. Nyumbayo anadzaimaliza patapita zaka, ngongole ya makhadi inatenga nthawi yaitali kuposa nyumba. Choncho imbani foni kumudzi sabata ino, amisiri aime, makoma aphimbe ndi pepala lakuda pamwamba.

Simunanene kumene mukukhala. Ngati ndi nyumba ya paki, imayendera limodzi ndi ntchito, ndiye pemphani tsiku lotuluka lilembedwe papepala, ndipo tchulani kuti ndinu oyembekezera popempha kuti akuwonjezereni nthawi. Amuna anuwo apite kwa dokotala pamene inshuwaransi ikadalipo. Mwezi wathunthu osadya osagona si kukhumudwa wamba. Akayamba kulankhula zoti moyo watopetsa, nambala ndi 988, usana ndi usiku.