Kusoka Kamatilesi ka Nthenga za Nkhuku ndi Abakha

Loweruka lomaliza la mwezi wa August chaka chilichonse, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. M'masiku amenewo nkhuku zimaphedwa zochuluka m'midzi yozungulira ndi m'malo ophikira alendo, ndipo nthenga zake zimathera kudzala kapena kuuluzika ndi mphepo. Pofika June ndi July, mabanja ambiri a m'midzi yomweyo amagona pamphasa, chisanu chikuwalowa kuchokera pansi. Phunziro lino likufotokoza m'mene mungasonkhanitsire nthenga zimenezi ndi kusoka kamatilesi koyala pamwamba pa mphasa, kapena pa matilesi a siponji amene anaphwa kale.

Nthenga sizifanana. Za m'mapiko ndi kumchira zili ndi kamtengo kolimba pakati, ndipo zimabaya wogona. Zimenezo ziponyeni pa mulu wa manyowa, pakuti ngakhale zimachedwa kuola zimawonjezera chonde. Zofunika ndi za pachifuwa, pamimba ndi m'mbali. Zoposa zonse ndi tinthenga tofewa ta bakha timene timabisika pansi pa nthenga zakunja: tilibe kamtengo, timasunga mpweya wambiri, ndipo mpweya umenewo ndiwo umagwira kutentha kwa thupi. Amene mumaweta abakha, muziika tinthenga timeneti m'thumba lakelake.

Ntchitoyi imafuna kudekha. Nkhuku yakumudzi yolemera kilogalamu imodzi ndi theka imapereka nthenga zouma za magalamu pafupifupi 100, ndipo zoyenera kugonera mwina ndi theka lake. Kamatilesi ka munthu mmodzi, ka masentimita 90 m'lifupi ndi 190 m'litali, kamafuna makilogalamu atatu kapena kuyandikira pamenepo, kutanthauza nkhuku ngati 60. Banja limodzi lingathe zaka lisanakwanitse. N'chifukwa chake ndi bwino kuti a m'gulu limodzi azisonkherana, kapena mupangane ndi ogulitsa nkhuku zosolasola pamsika wa Katete kapena Sinda kuti azikusungirani. Woyamba kumene ayesere pa mtsamiro.

Pali lamulo limodzi losati n'kuphwanya: nthenga za nkhuku yofa ndi matenda musazitole. Kachilombo ka chitopa kamakhalabe ndi moyo pa nthenga ndi m'zitosi kwa masiku ambiri, ndipo thumba limodzi lochokera kumudzi kumene kwagwa mliri lingathetse khola lanu lonse. Ngakhale nthenga za nkhuku zooneka zabwino, ngati zachokera kwina, zitsukireni kutali ndi khola, musambenso m'manja musanagwire ziweto. Kuzula nthenga pa bakha wamoyo ndi nkhanza, ndipo pano sitiphunzitsa zimenezo.

Viikani nthenga m'madzi owira bwino kuti utitiri ndi nsabwe zife, kenaka muzichape ndi sopo ndi kutsukuluza mpaka madzi ayere. Mukazifinya, ziikeni pang'onopang'ono m'matumba a nsalu yopyapyala, mumange kukamwa, mupachike padzuwa ndi kumawakutumula kawiri kapena katatu patsiku. September ndi October ndiyo miyezi yabwino. Apa ndi pamene ambiri amalephera: nthenga zimauma kunja pamene m'kati mudakali chinyontho, ndipo mvula ikayamba kamatilesi kamachita nkhungu ndi kununkha. Lowetsani dzanja pakati penipeni pa thumba; ngati mukumva kuzizira kapena fungo la nkhuku, pachikaninso.

Nsalu ikhale yolukidwa mothina, monga kaliko wokhuthala. Iyang'aneni padzuwa: ngati kuwala kukudutsa m'timabowo, nthenga nazo zidzadutsa. Kupaka kandulo kapena sopo wouma kumbali ya m'kati kumathandiza kutseka timabowoto. Sokani mbali zitatu ndi msoko wobwereza kawiri, kenaka musoke mizere iwiri m'litali kuti pakhale ngalande zitatu za masentimita 30. Thirani nthenga zoyezedwa mofanana m'ngalande iliyonse, muzigwedezere pansi, musoke mzere wopingasa, ndipo mubwereze chomwecho mpaka kumapeto. Mabokosi amenewa amaletsa nthenga kuunjikana kumiyendo. Musadzaze mothina, chifukwa nthenga zopanikizana sizifunda. Thirani muli m'nyumba yotseka zitseko, mutamanga kansalu pamphuno. Pomaliza sokani chikuto cha zitenje chotha kuvula, kuti muzichapa chikutocho m'malo mwa nthenga.

Kamatilesi aziyanikidwa padzuwa ndi kupumphunthidwa kamodzi pamlungu, ndipo nyengo ya dzinja asamasiyidwe pansi pa dothi masana onse. Munthu wodwala mphumu ayambe wayesa usiku umodzi. Khanda losakwana chaka chimodzi lisagonekedwe pamenepo ngakhale pang'ono, pakuti nkhope yake ingamire m'nthenga n'kubanika.