Seva ya ku Nkhata Bay siyisiyidwa yokha

Achinyamata inu amene mwamaliza maphunziro a kompyuta ku Mzuzu University kapena kwina, ndipo akupatsani seva ya Linux kuno ku Nkhata Bay kuti muziisamala, kaya ndi ya chipatala, ya ofesi kapena ya malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, tcherani khutu. Ntchito zolemera za seva, monga kusunga kope la deta usiku, zimachitika kuseri popanda wozipenya. Wozipenyayo ndinu.

Ambiri mukudziwa kuti mukaika chizindikiro cha & kumapeto kwa lamulo, ntchitoyo imapita kuseri, ndipo mukalemba jobs mumaiona, mukalemba fg mumaibweza kutsogolo. Koma jobs imangoonetsa ntchito za shell imene mwaitsegula panthawiyo basi. Mukalowa pa seva ndi ssh muli ku Mzuzu, netiweki ya foni n'kuduka chifukwa cha chimvula cha kuno, shell ija imatumiza SIGHUP ku ntchito zake, ndipo zimafera panjira. Mukalowanso, jobs siyikuuzani kanthu. Choncho chilichonse chotenga nthawi muziyambitsira mkati mwa tmux kapena screen. Intaneti ikabwerera mungolemba tmux attach, mupeza zonse mmene munazisiyira. Nayo nohup imathandiza, kungoti simungabwererenso mkati mwa ntchitoyo.

Magetsi ndiye nkhani ina. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunafika mpaka kumpoto kuno. Batire la UPS likatha, tmux nayo imapita. M'mawa uliwonse yambani ndi uptime komanso last reboot, kuti mudziwe ngati seva inazima usiku. Ntchito yofunika kudzuka yokha iperekeni kwa systemd, muziifunsa ndi systemctl status, mbiri yake muziiwerenga ndi journalctl -u.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti achinyamata ambiri akalemba ps aux kapena htop n'kuona dzina la ntchito yawo pamndandanda, mtima umakhala pansi, n'kutseka laputopu. Ayi ndithu. Nyali za asodzi a usipa zikamawala panyanja usiku sizitanthauza kuti chilimila chadzaza. Zoona zake zimadziwika m'mawa pagombe. Ntchito ikhoza kuoneka yamoyo koma itaima chiimire. Yang'anani chilembo cha pansi pa STAT mu ps aux. R ndiye kuti ikuthamanga, S ikudikira chinachake, T yaimitsidwa, mwina ndi inu nomwe mutakanikiza Ctrl+Z n'kuiwala bg. D akakhalitsa, kawirikawiri ndiye kuti ikulimbana ndi diski, ndipo diskiyo muyambe kuikayikira. Tsegulani fayilo ya log ndi tail -f muone ngati mizere yatsopano ikubwera. Lembani ls -l kawiri, patadutsa mphindi imodzi, muone ngati fayilo ikukula. Musaiwale df -h, chifukwa diski yodzaza imapha ntchito mwakachetechete.

Ntchito za cron ndiye zimafuna diso lakuthwa koposa. Cron sadziwa PATH yanu yonse, ndiye lamulo loyenda bwino mukalilemba ndi manja likhoza kukanika 2 koloko usiku. Madandaulo ake amawatumiza pa imelo ya m'sevamo, imene nthawi zambiri palibe amaitsegula. Lembani njira yonse ya pulogalamu, ndipo kumapeto kwa mzere tumizani zotuluka zonse mu fayilo, osasiya 2>&1 kuti zolakwika nazo zilowe momwemo.

Taonani chitsanzo ichi. Mwalemba kuti mysqldump izipereka deta ya chipatala kwa gzip usiku uliwonse. Wina wasintha pasiwedi ya database osakuuzani. Mysqldump ikukanidwa, koma gzip ikugwirabe ntchito yake, ikupanga fayilo ya dzina labwino ndi deti lolondola. Mukalemba echo $? mupeza 0, ngati kuti zonse zili bwino, chifukwa nambalayo ndi ya lamulo lomaliza. Fayiloyo ndi ya mabayiti 20 okha, mulibe dzina la wodwala ngakhale mmodzi. Ikani set -o pipefail pamwamba pa script yanu ya bash, ndipo kukula kwa fayilo muziona ndi maso anu.

Ntchito ikakakamira musathamangire kill -9. Yambani ndi kill wamba, amene amaipatsa mpata wotseka mafayilo ake bwinobwino, kenaka dikirani pang'ono.

Chonde, kamodzi pamwezi tengani kope limodzi la deta, mulibwezeretse pa kompyuta ina, mutsegule muone ngati mayina ndi manambala alimodi. Mukatero lembani deti m'kabuku kokhala pafupi ndi sevayo, kuti wodzalowa m'malo mwanu adzadziwe poyambira.