46% ya feteleza ndi 46% ya chinyezi n'zosiyana

Tiyambe ndi thumba la urea la makilogalamu 50, ngati omwe mumawaona pa msika wa Lirangwe. Palembedwa 46%, kutanthauza kuti makilogalamu 23 ndi nayitirojeni. Mukagawa 23 kg ndi 50 kg, makilogalamu amafafanizana, n'kutsala 0.46 basi. Nambala yotere ilibe yuniti.

Tsono a zanyengo ku bwalo la ndege la Chileka akanena kuti chinyezi cha mpweya ndi 46%, chizindikiro n'chomwecho koma nkhani ndi ina. Sakunena kuti pafupifupi theka la mpweya ndi madzi ayi. Akuyerekeza nthunzi yomwe ilipo ndi nthunzi yonse yomwe mpweyawo ungathe kusunga pa kutentha komweko.

Nanga ppm? Peresenti ndi magawo pa 100, ppm ndi magawo pa 1,000,000. Choncho 1% ndi 10,000 ppm. Carbon dioxide mumlengalenga ndi pafupifupi 420 ppm, yomwe ndi 0.042%, ndipo apa tikuwerenga mamolekyu, osati kulemera.

Ndiye mukaona % kapena ppm pa mayeso a MSCE, musathamangire kakyuleta. Dzifunseni kaye: agawa chiyani ndi chiyani?

Yesani iyi: thumba la chimanga la 50 kg lili ndi chinyontho 13%. Madzi ake ndi makilogalamu angati?