Mau a Ana Amene Analimbitsa Mitima ya Akulu

Anthu ambiri obwera ku chipatala sadwala thupi lokha. Ena mitima yawo ndi yolefuka chifukwa cha maliro, umphawi kapena matenda okhalitsa. Munthu wotere sapeza tulo, chakudya sichimukomera, ndipo nthawi zina amaleka kumwa mankhwala poganiza kuti zake zatha. Mwezi uno tiphunzire kwa ana a dziko lakutali m'mene tingamuthandizire.

M'chaka cha 2022, mliri wa Covid-19 utasautsa anthu kwa zaka pafupifupi ziwiri, amai awiri odziwa zaluso ndi kuphunzitsa, Mai Jessica Martin ndi Mai Asherah Weiss, anayamba ntchito ndi ana a sukulu ya pulaimale ya West Side ku Healdsburg, m'chigawo cha California ku Amereka. Anapempha anawo kuti anene mau amene angauze munthu wachisoni. Mauwo anajambulidwa ndi kuikidwa pa nambala ya lamya imene anaitcha Peptoc. Mau ena anawo anawalemba pa mapepala okongoletsedwa ndi zithunzi, nawamata m'mbali mwa misewu.

Woimba lamyayo ankasankha yekha chofuna kumva. Wokwiya kapena wankhawa ankadina 1. Wofuna chilimbikitso ndi malangizo ankadina 2. Wodina 4 ankangomva ana akuseka mokondwa. M'masiku owerengeka anthu zikwizikwi anali ataimba.

Timati mau a akulu akoma akagonera, koma pano akulu ndiwo anatonthozedwa ndi ana. Tsono tiphunzirepo zinthu zitatu.

Choyamba, kulimbikitsa mnzako sikulira maphunziro kapena chuma. Ana aja analibe zonsezi.

Chachiwiri, lamya ya m'manja imafika kumene miyendo siingafike lero. Ngati muli ndi mbale wogonekedwa m'chipatala, mutumizireni uthenga waufupi, mumutchule dzina, mumukumbutse kuti kumudzi akumuyembekeza. Ngati sadziwa kuwerenga, muimbireni amve mau anu ndi a ana ake.

Chachitatu, mau okoma sachotsa kufunika kwa chithandizo cha ku chipatala. Munthu amene wakhala wachisoni kwambiri kwa milungu iwiri kapena kupitirira, makamaka akayamba kulankhula zodzipha, mupite naye msanga kwa a zaumoyo. Musamusiye yekha.

Owerenga athu, pamene mukudikira pa mzere lero, taganizani: ndani amene sanamve mau anu kwa nthawi yaitali? Dzuwa lisalowe musanamupatse moni.