KUWEDZA POKOKA NYAMBO YAMOYO PAMBUYO PA BWATO

Msodzi wa mbedza amene akhala pa gombe amayembekeza kuti nsomba imdzere. Asodzi a ku Canada ndi a kumpoto kwa United States, makamaka a ku Minnesota, ali ndi njira yina: iwo ndiwo apereka nyambo kumene kuli nsomba. Amakwera m'bwato, namiza nyambo yamoyo kufikira pansi pa nyanja, nayendetsa bwatolo pang'onopang'ono, nyambo irikutsata pambuyo. Njira imeneyi inakula cifukwa ca nsomba imodzi ya kumeneko yochedwa walleye, imene anthu a ku Minnesota aikonda kotero kuti m'caka ca 1965 anaisankha kukhala cizindikiro ca dera lao.

Walleye ndi nsomba yaitali, ya maonekedwe acikasu osakanizika ndi obiriwira, ndipo zambiri zimene zigwidwa zilemera paundi imodzi kufikira mapaundi atatu. Maso ake ndi akulu, otuwa, ndipo awala usiku monga a mphaka. Ipenya bwino mumdima, koma dzuwa lowala liisautsa. Cotero masana imatsikira pansi, nikhala pa miyala kapena pa mcenga, makamaka pamene madzi osaya ayamba kuzama. Imadya kwambiri mbandakuca, madzulo, tsiku la mitambo, ndi pamene mphepo yautsa mafunde. Koma cimene cibvuta asodzi ndi kadyedwe kake. Kawirikawiri siimeza nyambo msanga. Iyamba yaigwira m'kamwa, ndipo ikangomva kulemera kwa cinthu cacilendo, ilabvula nicoka. Msodzi akoka cingwe, napeza nyongolotsi yodukaduka, nsomba palibe.

Mamangidwe onse a mbedza imeneyi alinga pa cinthu cimodzi: kuti nyambo ifike pansi, koma nsomba poigwira isamve mtovu umene waitsitsa. M'caka ca 1968 abale awiri, Al ndi Ron Lindner, anayamba kugulitsa mamangidwe otere ku Brainerd, m'Minnesota momwemo, nawacha Lindy Rig, ndipo dzinalo lidziwikabe kufikira lero.

Kamangidwe kake nkotere. Mtovu uli ndi bowo, ndipo cingwe cipyola m'bowomo popanda mfundo, kuti cizitha kuyenda momasuka. Kunsi kwa mtovu amangako kacitsulo kozungulira, kamene kali ndi nchito ziwiri: kuletsa mtovu kuti usatsikire ku mbedza, ndi kuletsa cingwe kupotana. Kucokera pa kacitsuloko amanga cingwe cina cowonda, cotalika mapazi 3 kufikira 6, ndipo ku mapeto ake kuli mbedza yaing'ono. M'madzi oyera, momwe nsomba zicenjera, cingwe cimeneci acitalikitsa. M'madzi amatope acifupikitsa. Mtovuwo ndi wopindika ngati kansapato, kuti uzitsetsereka pa miyala osakodwa. Mbedza icepa dala, pakuti yaikulu ilemetsa nyambo niilepheretsa kusambira.

Nyambo zimene agwiritsa nchito ndi zitatu: tinsomba tating'ono, misundu, ndi nyongolotsi zazikulu. Kansomba akabaya pa milomo, kucokera pansi kunka pamwamba, kuti kazisambira molunjika poyenda bwato. Kakabayidwa pa mimba kafa msanga, ndipo kakufa kamangozungulira m'madzi monga tsamba. Msundu aubaya kumene uli nako koyamwira kwakukulu, nutambasuka nusambira wokha. Nyongolotsi aibaya kamodzi kokha ku mutu, thupi lonse nilitsala lolendewera. Ena amapopera kampweya pang'ono m'kati mwa nyongolotsi kuti iyandame pamwamba pa matope, pamene nsomba ingathe kuiona. Tinsomba tigwira bwino nchito madzi ali ozizira, misundu ndi nyongolotsi madzi atafunda. Nyambo yofooka aitaya navekanso yina, cifukwa mphamvu yonse ya njirayi iri pa kugwedezeka kwa nyambo. Ndiye cifukwa cake amasunga tinsomba m'cidebe ca madzi ozizira osinthidwa kawirikawiri, ndi nyongolotsi m'dothi lacinyezi pa mthunzi.

Kayendedwe ka bwato ndiko kalepheretsa ambiri. Liwiro loyenera sindilo lopitirira mailo imodzi pa ora, ndiko kunena kucedwa koposa nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Popeza injini siitha kucedwa cotero, asodzi a ku Minnesota anaphunzira kuyendetsa bwato cambuyo, kuti matako ake aphwanthiphwanthi azikankhana ndi madzi ndi kucepetsa liwiro. Ena angozimitsa injini, nalola mphepo iwakankhe. Cizindikiro ca kuti zonse ziri bwino ndi cingwe: citsike m'madzi mopendekeka, pakati pa kuimirira ndi kugona. Cikagona kwambiri, ndiye kuti bwato lathamanga kapena mtovu wapepuka, ndipo nyambo yacoka pansi. Msodzi ayenera kumva mtovu ulikugunda pansi nthawi ndi nthawi. Wozolowera amazindikira ndi dzanja lokha ngati pansipo ndi pa mwala, pa mcenga kapena pa matope.

Tsono nsomba ikagwira, msodzi sakoka. Apa ndipo pagona nzeru yonse. Iye amayenda cokulungira cingwe ciri cotsegula, cingwe atacipanikiza ndi cala cimodzi cokha. Akamva kugogoda pang'ono, kapena kulemera ngati mbedza yakola udzu, acotsa calaco, cingwe nicipita cokha. Mtovu utsala pansi, cingwe cipyola m'bowo lija, ndipo nsomba icoka ndi nyambo yosamva kanthu. Pa msundu adikira kamphindi kocepa. Pa nyongolotsi aonjezako. Pa kansomba kokulirapo adikira koposa, kuti nsomba iyambe yakatembenuza m'kamwa. Atatero akulunga cingwe pang'onopang'ono kufikira cikungika, ndipo pamenepo ndipo akoka ndodo mwamphamvu. Wopupuluma alanda nyambo m'kamwa mwa nsomba. Wocedwetsa nayenso alakwa, pakuti nsomba imeza mbedza kufikira m'mimba, ndipo ikakhala yaing'ono, yoyenera kubwezedwa m'madzi, siikhalanso ndi moyo.

Kumadzulo kwa Minnesota, ku North Dakota ndi South Dakota, mtsinje wa Missouri unatsekedwa ndi madamu akulu, ndipo madzi anamiza zigwa za miyala ndi zitsa. Kumeneko mtovu wotsetsereka unali kukodwakodwa, ndipo asodzi anakonda cipangizo cina. Ndi waya wopindidwa, wa mwendo wina wautali ndi wina waufupi. Mtovu uli pakati pa mwendo wautali, ndipo nsonga ya waya yokha ndiyo ikhudza pansi nilumpha miyala. Cingwe ca mbedza cimangidwa ku mwendo waufupi. Pa kulemera, mwambo wao ndi aunsi imodzi ya mtovu pa mapazi 10 ali onse a kuya kwa madzi. Kawirikawiri patsogolo pa nyongolotsi aikapo mikanda ndi kacitsulo konyezimira kamene kazungulira, ndipo bwato lifulumirako, mailo imodzi kapena imodzi ndi theka pa ora. Ndi cipangizo cimeneci sapatsa nsomba cingwe, imadzikola yokha. Nzoona kuti njirayi siifuna luso lalikulu monga yoyamba ija, koma ithandiza kufunafuna nsomba pa malo akulu m'nthawi yocepa.

Walleye mulibe m'madzi a Zambia, koma nzeru ya mtovu wa bowo siisankha dziko. Mlamba umadya pansi ndipo ukonda nyongolotsi. Bwato la nkhafi liyenda mwakacetecete ndi mocedwa popanda kulikakamiza, cimene anzathu a injini acibvutikira. Mceni wa m'Zambezi ndi m'Kariba ndi nkhani yina. Uli ndi mano akuthwa oduladula cingwe, motero pafupi ndi mbedza pafunika waya, ndipo uthamangira nyambo yoyenda mofulumira. Oweza mceni pa Kariba amakoka kacitsulo konyezimira koveka kapenta, nsomba imene inatengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968. Koma kapenta afa msanga akangobvuulidwa, cotero amavekedwa wakufa. Pansi pa Kariba patsala mitengo yambiri yomizidwa, ndipo wokoka mtovu pansi pamenepo adzataya mbedza zambiri. M'madzi ambiri a dziko lino usodzi utsekedwa kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February, nthawi yoswana nsomba, ndipo msodzi ayambe wafunsa ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lake asanalowe m'madzi.

Pa nyambo yotsala, lamulo la ku Minnesota liletsa kuitayira m'nyanja. Iyenera kuponyedwa ku zinyalala. Tinsomba tocokera ku madzi ena tingathe kubweretsa matenda, kapena kuswana ndi kupitikitsa nsomba za pamalopo. Ngakhale nyongolotsi, imene mlimi aiyesa bwenzi la m'munda, yaononga kumeneko. M'nkhalango za Minnesota munalibe nyongolotsi kale. Zinadza ndi anthu ocokera ku Europe, ndipo asodzi otaya nyambo m'mbali mwa nyanja anazifalitsa. Zimadya masamba ofunditsa nthaka, ndipo pamene zaculuka, maluwa a m'thengo ndi timitengo tongomera kumene ticepa.