Jambulani Nyumba Yonse, Mangani Chipinda Chimodzi

Nyumba yanga yoyamba ndinaimanga ndi phuma la unyamata. Ndinaumba njerwa kudambo, n'kugwetsa mitengo ya masuku yootchera uvuni, zipinda ziwiri n'kuima. Banja litakula ndinafuna kuwonjezera chipinda, koma mbali yokhayo imene kunali malo n'komwe ndinakumba chimbudzi, ndipo denga linkatsanulira madzi komweko. Ndinagumula khoma lomwe ndinalitulutsira thukuta. Achinyamata inu, musadzalipire kawiri ngati ine.

Musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, khalani pansi ndi mmisiri mujambule nyumba yonse, ndi zipinda zomwe mudzamange ana akadzakula zomwe. Zipindazo zikhale za muyeso umodzi, zitseko ndi mawindo chimodzimodzi. Mukatero, chaka chino mumanga chipinda chimodzi n'kulowamo, lendi n'kuiwala. Mukakolola kapena ganyu ikayenda, mulumikiza china pomwe munasiya mpata wa chitseko. Mafelemu ndi mitengo ya denga akalipentala angakonzeretu kwawo, kwanu n'kungodzalumikiza. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Njerwa zootcha zisiyeni. Uvuni umadya nkhalango, ndipo mu 2018 malamulo a bungwe la National Construction Industry Council analetsa njerwazi pa nyumba za boma ndi zochitira malonda. Ku Salima, kampani ya 14Trees inamanga makoma a sukulu ndi makina otulutsa konkire m'maola 18. Makina oterowo simungawapeze pamudzi, koma dothi muli nalo. Lisefeni, mulisakanize ndi simenti pang'ono, mulipanikize m'makina amanja opangira mabuloko. Poyamba liyeseni: thirani dothilo m'botolo la madzi, khutchumulani, lisiyeni lidikhe. Mchenga umakhala pansi, dongo pamwamba. Dongo likachuluka mabuloko amang'aluka, choncho onjezerani mchenga.

Cholakwa cha ambiri n'kuyanika mabuloko padzuwa ngati mphale. Simenti imalimba ndi chinyezi. Afunditseni pepala la pulasitiki, muziwathirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ndipo dziwani kuti mphamvu yake yeniyeni imakwana pakatha masiku 28.

Ndalama ikachepa, dulani pa penti ndi matailosi, koma maziko musawamane. Kumbani mpaka mupeze nthaka yolimba, pansi pa nyumba pakwere kuposa bwalo, ndipo yalani pepala lakuda pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere m'khoma. Pamwamba pa mawindo zungulizani lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, mitengo ya denga muimangirire pamenepo ndi waya kuti mphepo isasasule malata. Denga litulukire kunja mokwanira, ndipo khonde lizungulire nyumba, chifukwa mdani wamkulu wa khoma ladothi ndi mvula yolimenya m'munsi.

Malo nawo asankheni ndi maso awiri. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe, zanjerwa ndi zazidina zomwe. Puloti yotchipa m'khwawa kapena m'tsinde mwa phiri lopanda mitengo muikane, ngakhale wogulitsayo akhale malume anu.

Anzanu akamakusekani kuti mukugona m'kachipinda kamodzi, asiyeni aseke. Inu sungani bwino pulani yanu m'sutikesi, ndipo thumba lotsatira la simenti mudziwiretu pomwe likagwire ntchito.