Chaka cha 525: Chaka Chimodzi, Manambala Ambiri

Agogo ena mukawafunsa zaka zawo amayankha kuti, "Ndinabadwa patapita zaka ziwiri chichitikire njala yaikulu ija." Kalendala nayonso imayenda motero. Anthu amasankha chinthu chachikulu chimene chinachitika, n'kuyamba kuwerenga zaka kuchokera pamenepo. Poyambira pakasiyana, nambala ya chaka imasiyananso.

Tiyeni tione chaka chimene ife timati 525. Anthu a nthawi imeneyo sankachitchula choncho. Ku Roma chaka chinkadziwika ndi dzina la mkulu wa boma amene wapatsidwa udindo chaka chimenecho, ndipo ichi chinali chaka cha Probus. Ku Syria chinali chaka cha 836, poti iwo ankayambira pa ulamuliro wa mfumu Seleucus. Kumwera kwa China chinali chaka cha 6 cha nyengo yotchedwa Putong, m'masiku a mfumu Wu. Ku China komweko chinalinso chaka cha njoka.

Akhristu a ku Egypt ankati ndi chaka cha 241. Nambalayi inabwera bwanji? Iwo ankawerenga kuyambira 284, pamene Diocletian analowa ufumu wa Roma. Pa 525 mukachotsapo 284, patsala 241. Chaka chawo chinkayamba kumapeto kwa Ogasiti, choncho miyezi yotsala ya 525 inali kale m'chaka cha 242.

Koma Diocletian ameneyu anazunza Akhristu koopsa. M'chaka chomwechi cha 525, mmonke wina wa ku Roma, Dionysius Exiguus, ankakonza ndandanda ya masiku a Pasaka a zaka zakutsogolo. Zinamuwawa kuti tsiku loyera lizilembedwa pansi pa dzina la munthu wankhanza, ndipo nkhawa yakeyo ndi yomveka. Iye anayamba kuwerenga kuchokera pa kubadwa kwa Yesu, ndipo anapeza kuti papita zaka 525. Njira yakeyi inatenga nthawi kuti ifale. Inayamba kudziwika kwambiri Bede wa ku England atailemba m'buku lake la mbiri mu 731. Ndi imene timagwiritsa ntchito polemba tsiku pa kalata kapena pa chiphaso.

Mawerengedwe ena aja sanathe onse. Mpingo wa Coptic ku Egypt ukuyambirabe pa 284. Ku Ethiopia kalendala yawo imatsalira m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8 poyerekeza ndi yathu, ndipo sikulakwitsa ayi, poyambira ndi pamene panasiyana.

Tsopano yesani nokha. Lembani chaka chimene munabadwa, muchotsepo 284, ndipo muuze anzanu a m'kalasi nambala imene mwapeza.